Yankho la Kebby mu Mgodi wa Siliva

Linali Lachinayi madzulo, mwezi wa Novembala, zaka zija mzinda wa Dublin unkadzuka m'mawa uliwonse uli ndi nyumba yatsopano. Ukayang'ana kumwamba unkaona makreni okwezera zomangira okhaokha. Ngakhale oyendetsa matakisi ankakamba za nyumba yachiwiri imene agula ku Spain. Ine ndinali m'shopu ya pa Moore Street momwe ndinkagwira ntchito, ndikusanja mapaketi a ufa ndi nsomba zouma kuti titseke.

Dzina langa ndine Ambrosio. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma msika wa Limbe unandiphunzitsa zokwanira. Phunziro lalikulu linali lakuti mtengo womaliza kulibe. Munthu akakuuza kuti apa ndiye pomaliza, dziwa kuti kucheza kwayamba kumene. Ndinakhulupirira zimenezi zaka zambiri, ndipo zinandidyetsa. Nkhani iyi ndi ya nthawi imene ndinakumana ndi chinthu chosanenereka.

Madzulo amenewo m'shopumo munalowa Overstone, mlembi wa gulu lathu la mapemphero la Amalawi ndi Azambia. Ankachita digiri yachitatu ku yunivesite, ndipo sikafu sankaivula ngakhale m'nyumba. Anati gulu lagwirizana zokhala ndi ulendo wa tsiku limodzi chaka chisanathe. Malo anali atawapeza kale: katauni ka kumapiri, kutali ndi Dublin, komwe Angelezi ankakumba siliva nthawi imene ankalamulira dziko lino. Basi imakutengani, mayi wina amakuonetsani tauniyo, mumalowa mu mgodi wakale, n'kubwerera tsiku lomwelo. Vuto linali mtengo.

"Madala," anatero, "tibwerekeni pakamwa panupo."

M'mawa mwake ndinaimba foni. Anayankha mayi wina dzina lake Nuala, yemwe ankaonetsa alendo malowo. Ndinamuuza za ophunzira ovutika ochokera kutali. Ndinamuuza kuti dziko lathu nalo linalawa Angelezi omwewo. Ndinatsokomola pang'ono pamalo oyenera. Anatsitsa. Anatipatsa Loweruka lomaliza asanatseke mgodiwo chifukwa cha nyengo yozizira. Anangotsindika chinthu chimodzi: tifike msanga, chifukwa iye salowetsa anthu pansi dzuwa likapendeka. Ndinamuuza kuti zimenezo n'zosavuta.

Tinagwirizana 9 koloko pa Parnell Square. Amene anayendapo ndi anthu a kwathu akudziwa kale mmene zinathera. Wina anaiwala mandasi. Wina ankadikira mnzake amene ankadikira wina. Chrissie, mtsikana wochita masters, anafika ndi nsapato za gogoda poti anamva kuti tikupita ku tauni. Dalaivala, mzungu wa imvi, ankangoyang'ana wotchi n'kuyang'ana kumwamba. Basi inanyamuka nthawi ya nkhomaliro itayandikira.

Kumbuyo kwanga kunakhala Kebby ndi mkazi wake Clotilda. Kebby anali wa ku Katete, ku Zambia, koma unyamata wake wonse anaudyera pansi pa nthaka, m'migodi ya mkuwa ku Copperbelt. Kuno ankagwira ntchito yomanga nyumba. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja ngati mafosholo. Clotilda anali namwino wa shifiti ya usiku. Awiriwa ankakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka, ndipo Clotilda ankanena moseka kuti banja lawo likuyendera timapepala ta pa firiji. Ulendowu anaukakamira ndi iyeyo. Ankafuna tsiku limodzi lokha lokhala pambali pa mwamuna wake kunja kukuwala.

Kebby sankaufuna. Anandigwira phewa n'kunena m'Chinyanja chake cha ku migodi: "Ba Ambrosio, ine benze kunilipila kuti ningene pansi. Manje lelo ndine nalipila?"

Ndinamuuza kuti chitukuko ndi chimenecho.

Tinayenda msewu waukulu, kenako ting'onoting'ono tokhotakhota pakati pa mipanda ya miyala. Nkhosa zopakidwa utoto pamsana zinkatiyang'ana ngati zikutimvera chisoni. Mvula inkawaza. Nyimbo zinaimbidwa, zinatha. Nkhuku yokazinga inatha. Tinafika kuwala kutayamba kale kufooka, pakuti mu Novembala kuno dzuwa limaweruka msanga kuposa wantchito wa boma Lachisanu.

Tauniyo inali msewu umodzi basi. Nyumba zazing'ono zomamatirana, zambiri zokhomedwa matabwa m'mawindo. Tchalitchi, bala imodzi, ndi chumuni chachitali cha miyala choima chokha paphiri. Kuseri kwake kunali milu ya dothi lotuwa pomwe sipamera ngakhale udzu. Ndalama zimene zinkasefukira ku Dublin zinali zisanaidziwe njira ya kuno.

Nuala anatidikira pafupi ndi tchalitchi. Anali mayi wamfupi, wa jekete lachikasu, makiyi ali m'manja. Sanatikalipire, koma anatiyendetsa ngati akuthawa mvula. Anatisonyeza chinyumba cha bwana wa mgodi, kenako mizere ya timanyumba ta okumba. Anati siliva yense ankawoloka nyanja kukasanduka masipuni ndi mbale za anthu olemera, eni dera n'kutsala ndi chifuwa. Overstone anagwedeza mutu n'kuyamba kumufotokozera mayiyo mbiri ya dziko lake lomwe, mpaka Chrissie anamukoka sikafu.

Titafika pa geti la mgodi, Nuala anaima. Anati pepani, nthawi yatha, tingojambulitsa panja pompano.

Anthu anadandaula. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ine sindikana ntchito yanga. Ndinauza Nuala kuti tachokera kutali, ena a ife kutsidya kwa nyanja ziwiri. Ndinati tingosuzumira, sitikhalitsa. Pomaliza ndinamufunsa kuti poti mu mgodi ndi mdima usana ndi usiku womwe, dzuwa likulowapo bwanji pa nkhaniyi? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati chabwino, koma tikafika pa khoma basi, ndipo tituluka tonse pamodzi.

Dalaivala anakana kulowa. Anatsala m'basi, injini ikulira.

Aliyense anapatsidwa chipewa cholimba chokhala ndi tochi pamphumi. Geti lachitsulo linalira. Njira inali yotsetsereka, denga lotsika, madzi akudontha paliponse. Munkanunkha chitsulo chonyowa. M'mbali mwa njira munkadutsa paipi yakale ya dzimbiri, yokhuthala ngati mkono wa munthu. Amene ankaseka kunja aja anayamba kulankhula motsitsa mawu, osauzidwa ndi munthu.

Kebby yekha ndiye anasintha mwa mtundu wina. Ife tinkayenda mowerama ngati akuba. Iye ankayenda ngati wafika kwawo, maso ali kudenga, dzanja likutsata paipi ija. Clotilda anamukola mkono n'kundiuza kuti ndione mmene mdala wake watsitsimukira.

Njira inathera pa khoma. Silinali thanthwe ayi. Linali khoma lomangidwa ndi manja, miyala ndi laimu, kuchokera pansi mpaka kudenga. Paipi ija inalowa m'khomamo n'kupitirira. Wina anafunsa kuti kuseri kuli chiyani. Nuala anati njira yakale, inagumuka kalekale.

Apo Overstone ananena kuti anawerenga kuti alendo amawazimitsira matochi kuti alawe mdima weniweni wa pansi. Nuala anati lero ayi. Anthu anaumirira. Ena anali atazimitsa kale. Mmodzimmodzi matochi anafa, ndipo ya Nuala inazima pomaliza.

Mdima wa kumudzi uli ndi nyenyezi, uli ndi agalu, uli ndi moto wa anzako patali. Uwu unalibe kanthu. Unkalowa m'kamwa. Wina anaseka pang'ono, kuseka kwakeko n'kufera pomwepo. Tinangomva madzi. Tho. Tho.

Ndiye tinamva china.

Go. Go. Go.

Pang'onopang'ono, m'chitsulo. Kenako zii.

Wina ananong'ona kuti ndi nsapato za Chrissie. Chrissie anati anazivula kalekale, zili m'manja.

Go. Go. Go.

Kunkachokera kuseri kwa khoma.

Ndipo pafupi ndi khutu langa, mofulumira, ndinamva mphete ikumenya paipi. Gogo, gogo.

Tochi ya Nuala inayaka. Nkhope yake inali ngati phulusa.

"Wayankha ndani?"

Dzanja la Kebby linali pa paipi. Ankaliyang'ana ngati la munthu wina.

"Ndi madzi," Nuala anatero. "Madzi amasuntha chitsulo. Koma kuno sitiyankha. Tiyeni."

Anatitulutsa ngati akupirikitsa mbuzi m'munda. Palibe anadandaula ulendo uno. Kumbuyo kwathu paipi inayambanso, koma tsopano sinkapumira. Katatu, katatu, katatu, ngati munthu amene wangomva kuti kunja kuli anthu.

Kunja kunali kutada. Nuala anakhoma geti, anagwedeza loko, anaigwedezanso. Clotilda anamupatsa mandasi otsala, iye anakana. Anapita pa windo la dalaivala n'kumuuza mawu awiri atatu. Dalaivalayo anatembenuka, anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anakweza wailesi.

Basi itayamba kuyenda, nzeru zinabwerera m'mitu. Wina anati chitsulo chimatero chikamazizira. Overstone anati n'zachidziwikire kuti kuseri kwa khoma kuli kamakina, ndi njira yokopera alendo, ndipo mayiyo ndi katswiri wa zisudzo. Anthu anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkayenera. Ine ndinatembenuka n'kufunsa Kebby chimene anachita.

Anafotokoza ali chiweramire. Anati ku migodi ya kwawo, mnyamata asanaphunzire kugwira fosholo amayamba waphunzira kugogoda. Denga likagwa, wotsekeredwa amamenya paipi katatu, pang'onopang'ono, n'kudikira. Amene wamva amayankha kawiri kawiri, mofulumira. Kaya ndi ndani, kaya munayambana dzulo, kaya anakulanda mkazi. Suganiza. Supempha chilolezo kwa bwana. Dzanja limayankha lokha.

Ndinamufunsa tanthauzo la kawiri kawiriko.

"Takumvelani. Tibwela."

Clotilda anaseka, koma kuseka kouma. "Iwe Kebby, uzabwela kuti? Monday uli na nchito."

Tili pakati pa mapiri, kopanda nyumba ngakhale imodzi, kunamveka pansi pa basi. Go. Go. Go. Dalaivala ananena osatembenuka kuti ndi chitseko cha katundu. Sanaime kuti akachitseke. Kebby anakhalira manja ake onse awiri mpaka tinaona magetsi a Dublin.

Lolemba masana Clotilda anabwera ku shopu. Sanagule kanthu. Anaima pafupi ndi matumba a mpunga, maso ali ofiira, n'kudikira kuti kasitomala atuluke. Anati Kebby sanagone chibwerere. Anati m'nyumba yawo ku Finglas, dera lina la Dublin, maradiyeta, zitsulo zija zotenthetsa m'nyumba, amalira nthawi zonse madzi otentha akayamba kuyenda, ndipo zimenezo anazizolowera. Koma tsopano akulira ngakhale atazimitsidwa. Lamlungu m'bandakucha anamupeza ataima pachitseko, atavala nsapato za kuntchito, osadziwa kuti wafikapo bwanji. Usiku wa Lolembalo Clotildayo ankayenera kubwerera ku ntchito, ndipo panalibe womulowa m'malo. Sankafuna kuuza abusa, chifukwa nkhani ikalowa m'gulu lathu imafika ku Lusaka isanafike kwa Mulungu.

"Ba mulamu," anatero, "mukagone kunyumba lelo. Osamuleka achoke. Kuno nilibe wina, ni yeve chabe."

Ndinavomera. Kunena zoona, ndinkaganiza kuti ndikadya bwino n'kuonera mpira pa TV ya eni.

Nyumba yawo inali yaing'ono, yosanja kamodzi, pamzere wa nyumba zofanana. Clotilda anatiphikira, anavala yunifolomu, anakhoma khomo lakumbuyo ndi lakutsogolo, n'kundipatsira makiyi onse pa windo. Ndinawaika mu sokosi, momwe ndinkasungira zinthu zofunika ku Limbe. Tinaonera mpira. Tinamwa tiyi. Kebby analankhula za simenti, za kapitawo wake wa ku Poland, za nyumba imene akumanga ku Katete. Manja anali atawapana pakati pa mawondo.

Mpira utatha, kunayamba. Koyamba kukhitchini. Kenako kuchipinda cha pamwamba. Kenako radiyeta ya pambali pa mpando wanga.

Go. Go. Go.

Ndinaigwira. Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Inagundanso dzanja langa lili pomwepo, ndipo ndinamva kugundako kukukwera mpaka m'chigongono.

Munthu akachita mantha amathawira ku chimene amadziwa. Ine ndinayamba kunenerera.

"Achimwene," ndinatero, "tiyeni tikambe ngati anthu a malonda. Munalonjeza molakwitsa. Zimachitika. Auzeni kuti pepani, sizitheka. Kagogodedwe konena kuti sitibwera n'kotani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Kulibe."

Ndinafunsa konena kuti dikirani chaka chamawa. Kulibe. Konena kuti tatumiza ena. Kulibe. Anati amene anapanga kagogodedweka anali okumba okhaokha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo kuti mawu otero adzafunika.

Kenako anandiuza chimene ngakhale m'gulu sankachidziwa. Iye mwini anakhalapo kuseri kwa miyala. Denga linagwa, anatsala yekha mumdima, mwendo utapanidwa. Anagogoda mpaka mkono unachita dzanzi. Anali atayamba kale kutsanzikana ndi amayi ake mumtima pamene paipi inayankha. Anati ukamva kawiri kawiri kaja, umasiya kufa. Umakhala tsonga. Umadikira. Chimene chinkamusowetsa tulo si phokoso ayi, koma kudziwa kuti chiyambire Loweruka pali anthu amene akhala tsonga.

Ndinamuuza mofatsa kuti anthuwo, ngati analipo, anamwalira agogo athu asanabadwe.

"Niziba," anatero. "Manje beve baziba?"

Kunenerera kwanga kunathera pomwepo. Aka kanali koyamba chichokereni ku Limbe.

Ndinakokera mpando wanga pa chitseko chakutsogolo n'kuchitsamira. Kuchokera pamenepo ndinkamuona bwinobwino ali pa sofa. Kugogoda kunapitirira, kukuzungulira nyumba, chipinda ndi chipinda. Mvula inakula. Ndinaimba nyimbo za kwaya chamumtima. Ndinadzitsina. Kenako phokoso linasiya, ndipo batalo linali lokoma ngati madzi. Ndinaphethira. Mpaka lero ndimati ndinangophethira.

Pa sofa panalibe munthu.

Makiyi anali mu sokosi. Chitseko chinali chokhoma, ine nditachitsamira. Lakumbuyo linali lokhoma. Mawindo a nyumba zimenezo amatseguka kampata koti n'kudutsa mphaka basi. Foni yake ndi chikwama zinali patebulo. Nsapato za kuntchito zokha ndi zimene panalibe.

Ndinayang'ana pansi pa bedi, ngati munthu wa msinkhu umenewo angakwanepo. Ndinatuluka n'kuzungulira misewu ya Finglas m'mvula, ndikuitana dzina lake motsitsa mawu kuopa kudzutsa azungu. Galu mmodzi anandiyankha. Ndinaimbira Clotilda. Sanakuwe. Anangoti akubwera.

Kunja kukuyamba kuyera, foni yanga inalira. Anali Nuala. Nambala yanga anali nayo chifukwa cha kunenerera kuja. Anati m'mawa uliwonse amadutsa pa geti la mgodi ndi galu wake, koma lero galuyo anakana kuyandikira. Loko anaipeza yokhoma monga anaisiyira. Mnzathu anali mkati, atakhala pansi, atatsamira zitsulo.

"Bwerani mudzamutenge," anatero. "Mubwere ndi mkazi wake."

Clotilda anayendetsa kagalimoto kake ali mu yunifolomu. Njira yonse anandifunsa funso limodzi, la makiyi. Ndinawatulutsa mu sokosi n'kumuonetsa. Ine ndinkangoyang'ana mtunda umene tinkadutsa, mapiri, milatho, midzi, n'kumadzifunsa kuti munthu wopanda galimoto, wopanda chikwama, angaumalize bwanji usiku umodzi.

Tinamupeza m'khitchini mwa Nuala atafunda bulangeti. Mvula inagwa usiku wonse, koma malaya ake anali ouma. Matope otuwa anali mpaka m'mawondo. Zikhadabo zinali zitathyoka, zala zili magazi. Mphete yake inali itaphwatalala mbali imodzi. Za msewu sankakumbukira kanthu. Ankakumbukira khoma.

Clotilda anagwada, anatenga manja aja n'kuwatembenuza mmene amachitira ndi odwala ake.

"Nenze pafupi, Clotilda," Kebby anatero.

Clotilda anapempha sopo, anavula mphete ija pachala cha mwamuna wake, n'kuiika m'thumba la yunifolomu.

Nuala anandikokera panja. Anati analowa mu mgodi ndi amuna awiri a m'tauniyo. Anapeza miyala itazulidwa pa khoma n'kusanjidwa bwino pambali, dzenje lolowa mkono wonse. Kenako anandiuza zimene sauza alendo. Denga litagwa, eni mgodi anaona kuti mbali imeneyo siliva anali atatha kale, ndipo kufukula anthu kukanaimitsa ntchito kwina. Analamula kuti pamangidwe khoma. Timanyumba tonse tija tinali ta kampani, ndipo ananena kuti amene ayankhe paipi atuluke ndi ana ake tsiku lomwelo. Choncho amuna ankadutsa pamenepo manja ali m'thumba. Ana awo anakula akudziwa kuti paipi siyankhidwa, osadziwa chifukwa chake.

Ndinafunsa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti kugogodako kuthe.

"Ndani wakuuzani kuti kunatha?" anatero. "Tinangozolowera."

Nkhani inafika m'gulu ife tisanafike ku Dublin. Ophunzira anati ndi kuyenda m'tulo kobwera ndi kutopa, ndipo wina wa lole ayenera kuti anamukweza. Za loko ndi makiyi ankazilumpha ngati chithaphwi. Amayi a mapemphero anasala kudya masiku angapo. Ena ananong'ona kuti anthu a ku migodi ali ndi ndege zawo zosafuna visa. Overstone anati nkhaniyi ingatuluke pepala labwino la kafukufuku, koma Clotilda anamuyang'ana kamodzi, pepalalo n'kufera m'mimba. Tinamva kuti khoma lija analitsekanso, ulendo uno ndi simenti.

Clotilda anasiya shifiti ya usiku n'kutenga ya masana. Anauza mwini nyumba kuti maradiyeta akudontha, ndipo anawazula onse. Mapaipi otsala anawakulunga ndi matawulo ndi zitenje zake zabwino, zija za ku ukwati. Usiku ankamanga chitenje china pa dzanja lake ndi pa dzanja la mwamuna wake. Anandiuza yekha, osachita manyazi. Anati anafuna tsiku limodzi lokhala pambali pake, tsopano wapatsidwa onse.

Khirisimasi itayandikira ndinapita kukawaona, nditanyamula nsomba zouma. M'nyumba munkazizira ngati m'firiji ya shopu. Tinadya titavala majekete, kahita kakang'ono ka magetsi kakutiwotcha mapazi okha. Koma Kebby ankaoneka bwino. Zikhadabo zinali zitayamba kumera. Clotilda anati papita masabata osamva kanthu, ndipo ananena izi motsitsa mawu, ngati pali wina amene angakumbutsidwe. Ndinawaseketsa ndi nkhani ya Chrissie, amene anali atagula nsapato zafulati. Kebby anaseka mpaka kutsokomola.

Tikumwa tiyi, kunamveka pansi. Osati m'khoma, osati kukhitchini. Pansi pa kapeti, pomwe palibe paipi iliyonse.

Gogo, gogo.

Clotilda anagwira manja a mwamuna wake msanga, tiyi n'kutayika. Koma manjawo sanasunthe. Kebby anangopendeketsa mutu, kumvetsera.

Ine, poti pakamwa panga sipadziwa kupuma, ndinati mwina ndi nkhani yabwino. Kagogodedwe kasintha. Sakuitananso. Mwina atsitsa mtengo.

Kebby anapukusa mutu. Anati pali chimene sanatiuze. Usiku uja, zala zitakanika, miyala itakana kusuntha, anaona kuti yekha sangathe. Ndiye anachita zimene wokumba aliyense amachita akafuna thandizo. Anamenya paipi katatu, pang'onopang'ono, n'kudikira. Sanamve kanthu mpaka kunacha. Ankaganiza kuti sanamumve.

Kahita kankalira. Panja mwana wa aneba ankamenyetsa mpira pa mpanda, ndipo ndinalakalaka kuti likhale phokoso lomwelo.

Clotilda anafunsa, mawu ake ali bwinobwino ngati akufunsa za nthawi ya basi, kuti kwawo kuja, anthu akayankha chotero, amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike.

"Kulingana na mutunda," Kebby anatero. "Koma sibaleka panjila."

Clotilda anatenga chitenje chija pa mkono wa sofa, ngakhale nthawi yogona inali isanakwane. Anachimanga pa dzanja la mwamuna wake, anachimanga pa lake, n'kukoka mfundo ndi mano.

Gogo, gogo.

Ulendo uno kunamveka pafupi ndi mwendo wa tebulo.